Mafunso ndi Mayankho: Nkhondo ya FRELIMO ndi Zimene Inachita ku Midzi ndi ku Boma

Makalata ambiri a mwezi uno afunsa za nkhondo yomenyera ufulu ya kwa anansi athu ku Mozambique, ya gulu la FRELIMO polimbana ndi atsamunda Achipwitikizi, imene inayamba mu 1964 n'kutha mu 1974. Tasankhapo ena, ndipo gulu lathu loona za mbiri yakale lawayankha motere.

Ana a m'kalasi mwanga amadabwa kuti Malawi inalandira ufulu mu July 1964 pokambirana, pamene a ku Mozambique anali asanayambe n'komwe kuomba mfuti. Ndiwayankhe bwanji?
*Mphunzitsi wa mbiri, Dedza*

Aphunzitsi, yambirani ku Lisbon, likulu la Portugal. Angerezi nkhanza anali nazo, paja mu March 1959 anapha anthu ku Nkhata Bay ndi kutsekera atsogoleri a Congress. Komabe kwawo kunali nyumba ya malamulo yokhala ndi otsutsa, kuno kunali chipani choti n'kukhala nacho pansi, ndipo chisankho cha August 1961 chinalambula njira. Dziko la Portugal linali m'manja mwa António Salazar, amene ngakhale Apwitikizi anzake sankawalola kukhala ndi zipani. Mu 1951 boma lake linalemba m'malamulo kuti Mozambique ndi Angola ndi zigawo za Portugal za kutsidya la nyanja. Kuyambira pamenepo wopempha ufulu ankatengedwa ngati wofuna kung'amba dziko, ndipo mlandu wake unali wa apolisi achinsinsi a PIDE. Pa 16 June 1960 anthu anasonkhana pa boma la Mueda ku Cabo Delgado kukapereka madandaulo, asilikali n'kuwaombera.

Motero ndale zinathawira kunja. FRELIMO inabadwira ku Dar es Salaam pa 25 June 1962, magulu atatu a othawa kwawo ataphatikizana: UDENAMO, MANU ndi UNAMI. Gulu lachitatuli linali la anthu a ku Tete ndipo linkakhala kuno ku Nyasaland. Mtsogoleri woyamba anali Dr Eduardo Mondlane. Anyamata oyamba anakaphunzira usilikali ku Algeria, ndipo pa 25 September 1964 gulu la Alberto Chipande linathira nkhondo pa boma la Chai.

Mfundo yoti ana aigwire ndi iyi: MCP inalowa m'midzi ndi khadi ndi msonkhano, FRELIMO inalowa ndi mfuti. Kwa mlimi wa ku Niassa kapena ku Tete, nkhope ya chipani inali ya mkulu wa asilikali. Zambiri zimene zinadzachitika pambuyo pake zinamera pamenepo.

Ine ndine mlimi, ndimadziwa kuti munthu sagwira ntchito ndi njala. Kodi asilikali a m'tchirewo ankadya chiyani zaka khumi zonsezo, nanga zipolopolo ankazitenga kuti?
*Mlimi, Mwanza*

Bambo, mwafunsa pamene pagona nkhani yonse. Msilikali wa m'tchire amafuna chakudya, womusenzera katundu, womuuza kumene adani ali, ndiponso kuti anthu a m'mudzi asunge pakamwa. Zonsezi mwini wake ndi mlimi. N'chifukwa chake mbali zonse ziwiri zinkalimbirana mlimiyo kuposa mmene zinkalimbirana mapiri ndi milatho.

Dera latsopano sankalitsegula ndi mfuti. Kunkayamba kupita anthu ochepa ovala wamba, makamaka obadwira komweko, odziwa chinenero ndi mabanja. Ankafikira kwa mfumu, kwa mphunzitsi kapena kwa katekisiti, ndipo nkhani zake zinali zimene aliyense ankazidziwa pathupi pake: thonje lolima mokakamizidwa n'kugulidwa pa mtengo wolozera, chibalo, msonkho, ndi mbalamatodya, thabwa lija lazibowo lomenyera m'manja. Mudzi ukavomera, anyamata ena ankawatumiza ku Tanzania, poyamba ku msasa wa Kongwa, kenako ku Nachingwea. Zida zinkakwiriridwa pang'onopang'ono m'malo obisika. Zikakwana m'pamene ankaombera kapolisi kakumudzi ndi kutchera mabomba okwirira m'misewu.

Zidazo zinkachokera ku Soviet Union, ku China ndi maiko ena a kum'mawa. Zinkatsikira pa doko la Dar es Salaam, kupita pa malole mpaka ku mtsinje wa Rovuma, kuwoloka pa mabwato, ndipo kuchokera apo njira yonse inali ya pamutu. Amtengatenga, ambiri mwa iwo amayi, ankayenda masiku, nthawi zina masabata, atasenza mabokosi a zipolopolo ndi mabomba. Za ku Tete zinkadzera ku Zambia.

Bomba lokwirira ndi chida chotsika mtengo, koma ndi limene linasintha kwambiri moyo wa kumidzi. Mdipiti wa malole a Apwitikizi unkayenda liwiro la munthu wapansi, chifukwa kutsogolo kunkakhala asilikali obaya nthaka ndi timikondo kufunafuna mabomba, ndipo lole yoyamba, kawirikawiri Berliet, ankaidzaza matumba a mchenga. Msewu ukafika potero wokhometsa msonkho safikanso, wogula thonje safikanso. Anthu ankasangalala nazo. Koma wasitolo nayenso ankatseka n'kuthawira m'tauni, ndiye mchere, sopo, nsalu ndi makasu zinkasowa. Apa FRELIMO inakakamizika kukhala wamalonda: kusonkhanitsa mtedza ndi chitowe, kuzisenzetsa mpaka ku Tanzania, n'kubweretsa mchere ndi nsalu. Posakhalitsa inayambanso kuweruza milandu, kutsegula masukulu a pansi pa mitengo ndi tizipatala. Boma la m'tchire linayamba chonchi, chifukwa cha kusowa kwa mchere ndi sing'anga.

Kalimidwe nakonso kanasintha. Munda waukulu wapoyera umaoneka m'ndege, choncho anthu ankalima timinda tating'ono tomwazikana, kugwira ntchito mbandakucha ndi madzulo, ndi kusamala utsi pophika. Chinangwa chinakhala mbewu yodalirika chifukwa chimakhala pansi, ndipo asilikali a Apwitikizi akatentha nkhokwe icho chimatsala. Gawo la zokolola linkapita ku msasa wa asilikali a FRELIMO.

Pamene zinkavuta ndi pamene chimodzi mwa zimenezi chasowa. Ku Cabo Delgado kunali nkhalango yowirira, Amakonde ambiri, ndi Tanzania pafupi, ndiye zinayenda. Ku Niassa anthu ndi ochepa ndipo ambiri anathawira ku Malawi ndi ku Tanzania, motero asilikali ankagona ndi njala. Ku Tete ndi ku Zambézia anayesa mu 1964 koma zinakanika, chifukwa njira yachidule ya zida inali yodzera m'Malawi ndipo inali yotseka. Tete anadzaitsegulanso mu March 1968. Kummwera, PIDE inagwira amene ankakonza zinthu mobisa nkhondo isanafike n'komwe.

Agogo anga anachokera ku Tete ndipo ankatchula "aldeamento" ngati malo oopsa. Anamwalira ndisanawafunse bwino. Chinali chiyani?
*Mayi wa ku Ntcheu*

Mayi, pepani za agogo. Aldeamento unali mudzi wokakamiza. Apwitikizi ataona kuti asilikali a FRELIMO akudya kwa alimi, anaganiza zochotsa alimiwo m'midzi yawo yomwazikana n'kuwaunjika malo amodzi oyang'aniridwa. Angerezi anachitapo zotere ku Malaya ndi ku Kenya. Pofika 1974, anthu amene anasamutsidwa chonchi ku Mozambique anali pakati pa 750,000 ndi miliyoni imodzi, makamaka ku Niassa, Cabo Delgado ndi Tete.

Kachitidwe kake kanali kotere. Akuluakulu a boma ankasankha malo pafupi ndi msewu kapena msasa wa asilikali, poyang'ana chitetezo chawo, chonde ndi madzi zikubwera pambuyo. Anthu ankapatsidwa masiku owerengeka kuti asamuke, ndipo nyumba ndi nkhokwe zotsala zinkatenthedwa. Nyumba zatsopano zinkamangidwa m'mizere yowongoka kuti mlonda aone kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Kumadera a nkhondo ankazunguliza waya waminga. Amuna ena a momwemo ankapatsidwa mfuti kuti akhale alonda. Kutuluka kunali kwa masana okha, minda inayenera kukhala pafupi, ndipo wotenga chakudya chambiri popita kumunda ankamuganizira kuti akukadyetsa zigawenga. Aliyense wopezeka kunja kwa malire ankatengedwa ngati mdani.

Papepala analonjeza sukulu, chipatala ndi chitsime. Midzi ina yoonetsa alendo inalandiradi. Yambiri inapeza njala, chifukwa anthu mazanamazana ankalima kadera kamodzi kosagonera mpaka nthaka kuguga, ndipo kuthithikana ndi madzi oipa kunabweretsa matenda amene anatenga ana ambiri. Panalinso bala lina limene atsamunda sankaliwerengera. Kwa Achewa ndi Anyanja munda ndi wa mbumba, manda ali pomwepo, kachisi ali pomwepo. Kusamutsa mudzi kunali kudula zonsezi. Mafumu atatu kapena anayi ankapezeka mu mpanda umodzi pa nthaka ya mfumu ina, ndipo mikangano ya malo ndi ya ufumu inayambira pamenepo.

Choopsa kwambiri chinali kukayikirana. Masana ankafunsa ndi DGS, dzina latsopano la PIDE kuyambira 1969. Usiku ankafunsa ndi FRELIMO. Khoswe wa padenga ankaulula wa padzala, nthawi zina chifukwa cha mkangano wa mbuzi chabe. Mfumu ndiye inali pamoto: ikakana kupereka maina, ndende, ikapereka, a m'tchire ankaipha. FRELIMO inaphadi mafumu amene inawaona ngati akapirikoni, ndipo inaomberapo midzi yampandayi muli anthu wamba. Tisabise zimenezi.

Ku Tete zinafika poipa chifukwa cha damu la Cahora Bassa, limene linayamba kumangidwa mu 1969 kuti ligulitse magetsi ku South Africa. Anthu oposa 25,000 anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi, ndipo asilikali analamulidwa kuyeretsa madera ozungulira. Pa 16 December 1972 makomando a Apwitikizi pamodzi ndi a DGS anazinga Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, chakummwera kwa tauni ya Tete, n'kupha amuna, amayi ndi ana. Maina 385 a ophedwa analembedwa. Ansembe a ku Spain a gulu la Burgos ndi amene anasonkhanitsa umboni, ndipo Bambo Adrian Hastings anautulutsa m'nyuzipepala ya The Times pa 10 July 1973, kutatsala masiku ochepa kuti nduna yaikulu ya Portugal, Marcelo Caetano, afike ku London. Boma la Portugal linakana nthawi imeneyo. Nduna yaikulu António Costa inadzapepesa ku Maputo mu 2022.

Ndinawerenga kuti atsogoleri a FRELIMO ankaphana okhaokha. Anthu olimbana ndi mdani mmodzi angatero bwanji?
*Wophunzira, Zomba*

Mkangano unabuka pamene panapezeka madera oti alamulire. Ku Cabo Delgado malonda a zokolola ankawayendetsa Lázaro Nkavandame ndi matcheyamani ake, anthu akuluakulu olemekezeka pakati pa Amakonde. Asilikali achinyamata anayamba kudandaula kuti iwo akufa pamene ena akulemera ndi mtedza wa alimi. Pansi pa mkanganowu panali mafunso akuluakulu. Kodi mdani ndi mzungu aliyense kapena ndi dongosolo lodyera anthu masuku pamutu? Nkhondo ikhale yachangu yolanda matauni kapena yaitali ya kumidzi? Ophunzira a ku Mozambique Institute ku Dar es Salaam apite kunkhondo kapena apitirize sukulu? Amayi agwire mfuti?

Msonkhano waukulu wachiwiri unachitikira mkati mwa dziko, ku Matchedje m'chigawo cha Niassa, mu July 1968, ndipo mbali ya asilikali inapambana. Mwazi unatsatira. Paulo Samuel Kankhomba, mmodzi wa akuluakulu a asilikali, anaphedwa mu December 1968 ndi anthu a mbali ya Nkavandame. Pa 3 February 1969 Mondlane anafa ndi bomba lobisidwa m'phukusi la buku ku Dar es Salaam. Nkavandame anathawira kwa Apwitikizi chaka chomwecho. Wachiwiri kwa Mondlane, Mbusa Uria Simango, amene akanayenera kulowa m'malo, anachotsedwa, ndipo mu May 1970 mpando unapita kwa mkulu wa asilikali, Samora Machel.

Onani mmene nkhondo imasankhira atsogoleri. Amene ali ndi mfuti ndi anyamata m'dera ndiye amakhala ndi mawu omaliza. Ndiponso poti PIDE inalowetsadi akazitape m'chipani, wotsutsa aliyense ankaoneka ngati kazitape, ndipo chizolowezi chimenechi sichinathe nkhondo itatha. Simango, Nkavandame ndi Joana Simeão, mayi wandale wotsutsa FRELIMO, anaonetsedwa pagulu ku Nachingwea mu 1975 ngati oukira, anatumizidwa ku msasa wa M'telela ku Niassa, ndipo anadzaphedwa popanda kuzengedwa mlandu m'khoti. Ife tikuona kuti ili ndi banga lalikulu pa mbiri ya chipani chimene chinachita zazikulu.

Pa nkhani ya amayi nkhondo inatsegula khomo lenileni. Gulu la asilikali achizimayi linakhazikitsidwa mu 1967, amuna ambiri akukana, ndipo bungwe la amayi la OMM linabwera mu 1973. Tsiku limene Josina Machel anamwalira, 7 April 1971, ndilo tsiku la amayi ku Mozambique mpaka lero. Komabe ntchito yochuluka ya amayi inali kusenza, kulima ndi kulera ana amasiye, ndipo m'mipando ya pamwamba analowamo ochepa.

Kodi n'zoona kuti a Kamuzu anali mbali ya Apwitikizi?
*Wowerenga, Likoma*

Anali nawo paubale, ndipo sankabisa. Mafuta, feteleza, fodya ndi tiyi wa Malawi zinkadutsa pa njanji ya ku Beira, ndipo mu 1970 inatsegulidwa njanji ya ku Nacala yodzera pa Nayuchi. Jorge Jardim, mpondamatiki wa ku Beira, anali kazembe wapadera wa Malawi kumeneko komanso mkhalapakati wa a Kamuzu ndi Lisbon. Ubale umenewu unali chimodzi mwa zimene nduna zinakangana nawo mu 1964. FRELIMO inaloledwa kukhala ndi woiyimira m'dziko muno, koma zida kudutsa ayi.

Anthu wamba a m'malire anachita zawo. Inu a ku Likoma mukudziwa kuti mu 1965 Anyanja a kutsidya, ambiri a mpingo wa Anglican, anawolokera pachilumbapo asilikali a Apwitikizi atayamba kutentha midzi ya m'mbali mwa nyanja. Nkhondo itakula ku Tete kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, enanso analowa ku Mwanza ndi madera ena a m'malire, n'kufikira kwa abale awo. Kukayikirana pakati pa maboma awiriwa kunakhala nthawi yaitali. Mu September 1986 Machel anabwera ku Blantyre ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzadzudzula a Kamuzu pa nkhani ya RENAMO, gulu limene linkamenyana ndi boma la FRELIMO.

Anapambana ndani kwenikweni? FRELIMO sinalande Beira kapena Lourenço Marques (Maputo wa lero).
*Msilikali wopuma, Lilongwe*

Mwaona bwino, bambo. Palibe tauni yaikulu imene inagwa. Mu July 1970 Jenerali Kaúlza de Arriaga anaponya asilikali zikwizikwi, ndege ndi mizinga ku Cabo Delgado pa nkhondo imene anaitcha Nó Górdio, ndipo analanda misasa ikuluikulu. Anaipeza yopanda anthu. FRELIMO inasunthira mphamvu ku Tete, inawoloka Zambezi, ndipo mu 1972 inalowa ku Manica ndi Sofala, kumene kunali minda ya azungu ndi njanji ya ku Beira. Njira yomweyo ya ku Tete ndi imene ZANLA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, inadzera polowa kumpoto kwa Rhodesia kumapeto kwa 1972.

Chimene chinathyoka ndi Portugal mwini. Dziko la anthu osakwana 9 miliyoni linkamenya nkhondo zitatu nthawi imodzi, ku Angola, Guinea ndi Mozambique, ndipo pafupifupi 40 peresenti ya bajeti inkathera komweko. Usilikali wokakamiza unafika zaka zinayi, anyamata ambiri n'kuthawira ku France. Makaputeni ankabwezedwa ku Africa kachiwiri, kachitatu. Mu 1973 boma linatulutsa lamulo lokweza msanga maofesala ongolembedwa, ndipo maofesala a ntchito yokhazikika anakwiya n'kuyamba kukumana mobisa. Mu January 1974 azungu a ku Beira anagenda malo odyera maofesala powanena kuti akulephera kuwateteza. Pa 25 April 1974 makaputeniwo analanda boma ku Lisbon. Asilikali a Portugal amene anali ku Mozambique anasiya kumenya, ndipo pangano la ku Lusaka la pa 7 September 1974 linapereka dziko kwa FRELIMO yokha, popanda chisankho. Mbendera inakwera pa 25 June 1975.

Ngati anthu anavutika chonchi pofuna ufulu, zinatheka bwanji kuti ena a iwo adzathandize RENAMO?
*Mayi wochita malonda, Mulanje*

RENAMO inapangidwa ndi akazitape a boma la Rhodesia, Mozambique itatseka malire ake ndi dzikolo mu March 1976, ndipo kuyambira 1980 inkasamalidwa ndi asilikali a South Africa. Popanda maiko awiriwa sikanakula, ndipo nkhanza zake kwa anthu wamba zinali zosaneneka. Koma inapeza madandaulo ali kale m'midzi, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku nkhondo yoyamba ija.

FRELIMO inatenga zimene zinagwira ntchito m'tchire n'kuziyala dziko lonse, kuphatikizapo madera ngati Zambézia ndi Nampula kumene nkhondo sinazike mizu ndipo anthu sankaidziwa bwino. Kulima pamodzi kumene kunali kwanzeru ndege zikuuluka pamwamba kunasanduka lamulo la midzi ya chitukuko, aldeias comunais. Zolinga zinali sukulu, madzi ndi chipatala, ndipo pa katemera ndi sukulu za kwacha boma latsopano linachitadi zooneka, m'dziko limene atsamunda analisiya anthu 9 mwa 10 alionse osadziwa kuwerenga ndi madokotala osakwana 100. Koma kwa mayi amene anangotuluka kumene mu waya waminga, kuuzidwanso kuti asiye munda ndi manda akakhale m'mizere kunamveka ngati zomwe zija. Malo ena mudzi watsopano unali aldeamento yomweyo atangoisintha dzina.

Mafumu onse anachotsedwa pa udindo chifukwa ena mwa iwo anatumikira atsamunda, ndipo m'malo mwawo munalowa alembi a chipani. Chinamwali, mitala, kuombeza ndi nsembe za mizimu zinatchedwa umbuli. Panalinso Amozambique zikwi zambiri amene anali m'gulu la asilikali a Portugal, poti pofika kumapeto kwa nkhondo pafupifupi theka la asilikaliwo linali la anthu akuda olembedwa komweko. Amenewa sanalandiridwe. Mu 1978 zithunzi za ena zinapachikidwa m'malo a ntchito kuti aliyense awadziwe. RENAMO inkafika kwa mfumu yochotsedwa n'kuilonjeza mpando wake, kwa mlimi n'kumuuza kuti abwerere kumunda wa makolo, kwa msilikali wakale n'kumupatsa mfuti. Ambiri inangowagwira mokakamiza, ana omwe.

Nkhondo yachiwiriyi inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, anthu oposa miliyoni imodzi atathawira kuno ku Malawi, inu a ku Mulanje munawalandira. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu October 1994, ndipo RENAMO inapeza mavoti ambiri m'zigawo zapakati: Sofala, Manica, Tete, Zambézia ndi Nampula. Boma linadzavomerezanso mafumu mwalamulo mu 2000.